Mapakeji Otsala a Bambo Namakhwa

Bambo Lucius Namakhwa a ku Bangwe anakonza makina a taipi ku Makata kwa zaka makumi awiri. Anali munthu waulemu wake, wosavula tayi ngakhale mu Okutobala, ndipo akatsegula makina diso linkawauza msanga kachitsulo kamene kasowa. Mataipi atatha ntchito, kampani imene ankagwirako ntchito inatsekedwa. Iwo anaphunzira makompyuta imvi zili mbuu, napeza malo pa sukulu ina yoima payokha konko ku Bangwe, kusamala chipinda cha makompyuta akale khumi ndi awiri. Intaneti pasukulupo panalibe.

M'chaka chawo chachisanu ndi chimodzi pasukulupo, ahedi, Mayi Keziah Mhango, anawaitana Lolemba m'mawa.

"A Namakhwa, ana a Folomu 4 akufunika pulogalamu yophunzirira kusunga marekodi. Eni sukulu ati ikapanda kugwira pofika Lachisanu, chipindachi achipereka kwa kampani ya m'tauni. Ndakuikirani kumbuyo kawiri. Kachitatu sindingathe."

"Ndamva, mayi. Igwira."

Pulogalamu yotere siyenda yokha. Imadalira timapulogalamu tina totchedwa mapakeji, ndipo pakeji iliyonse ikhoza kudaliranso inzake. Pamene pali intaneti, kompyuta imadzitolera zonsezi. Pamene palibe, munthu amayenera kudziwa zimene zikusowa, n'kukazitenga kwina pa fulashi.

Lachiwiri anakwera minibasi kupita ku Makata, ku ofesi ya Veronica, mwana wa mlongo wawo, amene ankawabwereka kompyuta ya intaneti pa nthawi ya nkhomaliro. Apa mpamene analakwitsa. Anafunsa kompyuta ya Veronica zimene pulogalamuyo ikusowa, ndipo iyo, pokhala nazo kale zonse, inayankha kuti palibe. Anabwerera ndi pulogalamu yokha. Kompyuta ya kusukulu inaikana, nitchula mapakeji asanu ndi awiri amene inalibe.

Anawalemba m'kope ndi dzanja lawo lokongola lija, chilembo ndi chilembo, nabwereranso Lachitatu.

"Malume, mwasamukira kuno kodi?" anatero Veronica. "Tikupezereni mpando ndi yunifolomu?"

"Ulendo uno ndi womaliza, mwanangu."

"Bwanji osangopempha foni kwa tichala wina, mulumikize kompyuta ku intaneti kusukulu komweko? Zithera pompo."

"Matichala aja, ana amene ndimawaphunzitsa kugwira mausi dzana? Iyayi."

Zoona zake zinali zakuti foni yawo inali ya mabatani, ndipo anali asanalumikizepo foni ku kompyuta. Kuyesa koyamba maso a aphunzitsi ali pa iwo, n'kulephera, kunkawaopsa kuposa fumbi la msewu wa ku Limbe.

Asanu ndi awiri aja atalowa, kompyuta inatchula ena anayi. Inkangonena zimene yaona pa khomo loyamba; za mkati inkasunga. Lachinayi anabwera nawo anayiwo. Atatu analowa. Wachinayi anafuna mnzake mmodzi. A Namakhwa anakhala nthawi yaitali akuyang'ana dzinalo pa sikirini, ana akusewera mpira panja, kenaka analilemba pansi pa ena aja.

Lachisanu anafika ku Makata molawirira, koma abwana a Veronica anali mu ofesi, ndipo mlonda sanawalole kulowa. Anaima pa geti mpaka nkhomaliro, pamene analowa n'kutenga pakeji yotsalayo pa fulashi. Pamene ankafika kusukulu, itadutsa 3 koloko, anapeza galimoto yachilendo pabwalo.

M'chipinda mwawo munali mayi wachitsikana wa kampani ya m'tauni ija, foni yake italumikizidwa ndi chingwe ku kompyuta yoyamba. Zilembo zinkatsika pa sikirini ngati mvula. Anatembenuka, nawapatsa moni mwaulemu.

"Ndinu a Namakhwa? Mwagwira ntchito ndithu, bambo. Kunangotsala pakeji imodzi."

"Ndikudziwa," anatero iwo. Fulashi inali m'thumba la malaya, ndipo sanaitulutse.

Mayi Mhango anawalandira ataimirira. Anayamika kukhulupirika kwawo ndi mawu ambiri, maso ali pa desiki. A Namakhwa anamasula makiyi atatu pa lamba, nafotokoza kuti wa kabati amafuna kukankha pang'ono, ndi kuti kompyuta yachisanu ndi chinayi siyaka kukachita chinyezi. Ahedi analemba zimenezi.

Tsopano papita miyezi inayi ntchito itawathera. Amadzukabe mbandakucha, kusamba, n'kukaima pa mpanda wa nyumba yawo, pamene ana a sukulu amadutsa. Ena amati, "Mwadzuka bwanji, sala?" Iwo amayankha aliyense pomutchula dzina. Belu likalira kumtunda, msewu umakhala zii, ndipo amalowa m'nyumba.