Mafuta a Atsibweni

Ndinadzuka tambala asanalire, mvula ikugwabe pa malata a nyumba ya achemwali anga. Amayi a mpingo anali atatopa ndi kuimba, ena atagona chokhala pafupi ndi bokosi la maliro a achemwaliwo. Ndinapemphera chinthu chimodzi: kuti mwana yekhayo wa malemuwo, mtsikana amene amagwira ntchito ku Lilongwe, afike awaone nkhope tisanawaike.

Kutacha, nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi. Anthu anabwera wapansi kuchokera ku Likoswe ndi midzi ina, matope mpaka m'maondo, poti petulo anali atasowa m'boma lonse la Chiradzulu.

Pansi pa mtengo wa mango abambo anayamba kutsutsana. Wina anati boma limange nkhokwe za mafuta monga Yosefe anasungira tirigu ku Igupto. Wina anati nkhokwezo zizikhala za maiko onse oyandikana, popeza mafuta athu amadzera kwa anzathu a ku Mozambiki. Atsibweni athu, amene amagulitsa petulo wa m'zigubu kuseri kwa nyumba yawo, ndiwo ankakweza mawu kuposa onse.

"Dziko lililonse lisunge ake. Kugawana ndi uchitsiru."

Pamenepo mtsikanayo anaimba foni. Minibasi inamutsitsa pa Namadzi, ndipo a kabaza onse anali pamzere wodikira mafuta. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu anali ndi njinga yamoto, koma thanki youma. Ndinapita kukagwada pamaso pa atsibweni, pagulu pomwepo.

"Atsibweni, botolo limodzi lokha. Mwana awaone mayi ake."

"Iwe ndiwe wa Baibulo," anatero. "Anamwali ochenjera aja anagawa mafuta awo?"

Ena anaseka. Wina anandiuza kuti ndidzuke, ndikudetsa buluku.

Adzukulu anatumiza mawu kuti madzi akudzaza manda. Tinatseka bokosi. Tinayenda pang'onopang'ono, ine ndikucheukira kumsewu. Atsibweni anayankhula m'malo mwa banja, nathokoza onse chifukwa cha mtima wothandizana. Dothi linagwa lolemera ngati phala.

Mtsikanayo anafika madzulo anthu atabalalika, nsapato zili m'manja. Sanalire. Anakhala pamphasa pamene panali bokosi, natulutsa m'chikwama nsalu yatsopano imene anagula kuti awafunditse mayi ake. Anaiyala pamiyendo pake, naisalaza ndi dzanja.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe pemphero la madzulo.

"Amalume," anatero, "lero ayi."