Mphaka wa mwana wanga ndi nsalu za paguwa

Ine mawu anga ndi aakulu, zimenezi aliyense kuno kufupi ndi Chongoni amadziwa. Ndikaitana nkhuku pakhomo panga, za kutsidya kwa dambo nazo zimabwera. Malemu amuna anga ankati ndikanong'ona m'pamene ndimafanana ndi anthu ena. Koma pali nkhani imodzi imene ndikamaifotokoza mawu amachepa okha, ya mphaka wa mwana wanga.

Ndiyambe ndi nsalu, chifukwa mukapanda kumvetsa za nsalu mungoseka basi. Tchalitchi chathu n'chaching'ono, ansembe amachokera kuparishi ndipo amatipeza mwa apo ndi apo. Ntchito zonse m'menemo zili ndi eni ake. Owerenga alipo, olemba alipo, a kwaya alipo. Ine sukulu sindinapondeko, ndipo kukwaya anandichotsa mwaulemu, ati ndimaphimba anzanga. Ntchito yanga inali imodzi yokha, kuchapa ndi kusita nsalu za paguwa. Anandipatsa ndi amayi apampando a gulu lathu la amayi, atamwalira agogo amene ankachapa kale. Nsalu zoyera mbee, imodzi yaitali ya zoluka m'mphepete, zina zazifupi. Ndinkazichapira m'beseni lakelake ndi sopo wakewake, n'kusita ndi nsimbi ya makala kwinaku ndikuuzira phulusa kuti lisagwerepo. Ndikapinda ndinkaziika m'dengu, kuseri kwa bedi langa, n'kuvundikira chitenje. Lamlungu ndikaona guwa likuwala, ndinkamva ngati nanenso ndaimirira kutsogolo n'kuwerenga.

Ndiye chaka china, chisanu cha Juni chitayamba kuluma, anatulukira mwana wanga wamkazi, chitsirizira, amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Anamutumiza kumaphunziro kwa miyezi ingapo, ndipo kumene ankakagona sankalola ziweto. Anafika ndi katoni yoboolaboola, beseni la pulasitiki labuluu ndi kathumba. M'katonimo munali mphaka wotuwa, wonenepa, wooneka kuti khoswe sanamuonepo chibadwire. M'kathumbamo munali mchenga. Nditafunsa kuti mchengawo ngwa chiyani, anati umathiridwa m'besenimo, ndiye chimbudzi cha mphakayo, ndipo amachita kugula m'sitolo. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mwana wanga amagula mchenga, pamene kumtsinje kwathu ngolo zimachita kutitimira mumchenga.

Iye sanaseke. Anaika besenilo pakona pabalaza, n'kundilangiza kuti lizikhala pomwepo, ndizichotsa zonyansa tsiku lililonse, ndipo mchenga ukatha ndikatape wa kumtsinje, koma wouma. Akukwera njinga ya kabaza anatembenuka n'kunena ndi kamawu kake kaja ka kuofesi, "Amayi, musamamukalipire. Ndi wamantha."

Ine n'kuti, "Ndalera iwe ndi abale ako onse, andikanike mphaka?"

Masiku oyamba zinkayenda. Mphaka ankakhala kunsi kwa bedi, n'kumatuluka mozemba kupita pabeseni pake, kukumbakumba, kukwirira, kubwerera. Kenako mchenga wogula uja unatha. Kunja kunali mawawa osatha aja, nkhungu itaphimba phiri lonse, ndipo mchenga wa kumtsinje unali chinyezi chokhachokha. Ndinaganiza ngati munthu wamkulu. Kodi ife m'chimbudzi timathira chiyani kuti fungo lithe? Phulusa. Ndinakatapa phulusa kukhitchini n'kudzaza beseni. Ndinaganizanso kuti anthu a mphakati wathu wa kutchalitchi amabwera kudzapemphera pabalaza panga, ndiye aziyimba nyimbo atayang'anizana ndi chimbudzi cha mphaka? Ndinalinyamula n'kukaliika pakhonde. Pakhondepo m'pamene amagona galu wanga.

Ndinaona ndi maso angawa mphaka akutuluka, kununkhiza phulusa lija, kuyetsemula, galu n'kudzutsa mutu, iye liwiro kulowa m'nyumba mchira utafufuma. Ndinaseka, ndipo kuchitsime ndinawachitira amayi sewero lake, kuyetsemula kwake ndi kathamangidwe komwe.

Posakhalitsa ndinayamba kupeza ponyowa. Lero pamphasa, mawa pathumba la mbewu ya mbatatesi. Ndinachita zimene timachita ndi tiana ta galu. Ndinamugwira pakhosi, kumukhutiza mphuno pamkodzopo, ndi kumuuza mawu, mawu anga enieni aja, oti kuno si ku Lilongwe, kuno kuli tchire lonseli laulere. Anandikanda padzanja n'kuthawa. Nditachita choncho kangapo, pamphasa panauma, pathumba panaumanso. Ndinauza anthu kuti mphaka wa m'tauni ndamuphunzitsa mwambo.

Tinamva kuti ansembe abwera Lamlungu kudzabatiza ana. Nsalu ndinali nditachapiratu kale chifukwa nyengo imeneyo chinthu sichiuma msanga, ndipo zinali m'dengu mwake zositasita. Sabata imeneyo chimfine chinandigwira, mphuno zonse gwa, ngakhale utsi wa nkhuni zaziwisi sindinkaumva. Lamlungu m'mawa ndikuvundukula dengu ndinapeza chitenje chapamwamba chili chonyowa pang'ono. Ndinati ndi nkhungu imeneyi, imalowera pazenera. Pansalu yaitali ija, chapakati, panali kabanga kachikasu kosaoneka bwino. Ndinati ndi nsungwi za denguli zathimbiriritsa. Ndinawazapo madzi, kuikapo nsimbi yotentha mpaka pouma, n'kupinda. Kutchalitchi ndinayala ndekha, ndipo mwanzeru zanga ndinatembenuza nsaluyo kuti kabangako kasaonekere kwa anthu, kakhale mbali imene amaima ansembe.

Anthu anadzaza mpaka pakhomo. Mazenera onse otseka chifukwa cha chisanu, makandulo akuyaka. Ansembe athu nthawi imeneyo anali achinyamata, aatali, ofatsa kwambiri. Analowa, kufika paguwa, kuwerama kuti apsompsone monga amachitira poyamba Misa. Milomo yawo inatera pakabanga pomwe paja. Anakhala chiweramire kanthawi, kenako anadzuka pang'onopang'ono, maso ali ndi misozi. Ine mumtima ndinati abambowa lero pemphero lawagwira. Anayamba Misa ndi mawu othina, ndipo pakati pake anakodola kuti awonjezere lubani. Amayi a kutsogolo anayamba kukokera zitenje kumphuno. Ine ndinati chisanu. Ndinayimba tsiku limenelo, anthu inu. Mphuno zotseka, koma ndinayimba kuposa kwaya yonse, maso ali paguwa langa loyera.

Misa itatha sindinadikire. Ndinawatsekereza ansembe panja, pamaso pa anthu, n'kugwada, ndipo ndi mawu anga onse ndinawafunsa ngati nsalu zawasangalatsa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama kufupi ndi khutu langa.

"Agogo, kodi kunyumba kuli mphaka?"

Ndinati alipo, wa mwana wanga, wa ku Lilongwe, ndipo ndinali pafupi kuyamba sewero la kuyetsemula lija.

"Mayi anga ankaweta amphaka," anatero. "Ndiye ndinangozindikira."

Anandigwira paphewa n'kupita kukadalitsa ana.

Amayi apampando anandiitanira kuseri kwa tchalitchi, nsalu yaitali ija ili m'manja. Iwo sakweza mawu, amayankhula ngati akuwerenga. Anangoifikitsa pankhope panga. Chimfine chonse chija chinagonja, fungo linalowa mpaka m'mutu, guu. Ndinakumbukira chitenje chonyowa, kabanga, nsimbi, ndi milomo ya ansembe. Apampando anati anthu ayamba kale kuyankhula, ena mpaka kufunsa kuti nkhalamba yogona ndi mphaka kuchipinda imafuna chiyani. Iwo zimenezo anati sakuzisamala, koma za paguwa ndi za paguwa.

"Musankhe, agogo. Mphaka achoke, kapena nsalu zichoke."

Ndinabwerera kunyumba ndi nsalu zija modzera m'minda, kuopa njira ya anthu. Nditafika ndinatenga thumba lopanda kanthu. Maganizo anali oti ndimuponyemo, ndikamusiye m'nkhalango ya Chongoni, mwana ndidzamuuze kuti anasowa. Koma ndinati ndiyambe ndamutukwana mwini wake. Ndinamuyimbira foni n'kukhuthula zonse, za nsalu, za lubani, za apampando. Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anayamba kufunsa modekha. Beseni lili pati? Ndinati pakhonde. Muli chiyani? Ndinati phulusa. Galu amagona kuti? Ndinati pakhonde pomwepo. Mumamukalipira? Ndinati pang'ono.

"Amayi, inuyo atakukumbirani chimbudzi pamene pagona fisi, mungapiteko?"

Anandifotokozera kuti mphaka sakodza paliponse chifukwa cha mwano. Akachita mantha amafuna malo ofewa, obisika, opanda phokoso, ndipo ukamukhutiza mphuno saphunzira kanthu, amangosamukira pamene sungamuone. Kenako anafunsa kuti m'nyumba monsemo ndi pati pamene ine sindikuwa. Ndinafuna kumuyankha mwaukali, koma yankho linandifika lokha. Ndi kuseri kwa bedi. Ndikafika padengu paja ndinkatseka pakamwa, chifukwa cha ulemu wa nsaluzo. Nyumba yonse, malo achete anali amenewo okha, ndipo mphaka anawapeza.

Ndinamuuza za thumba limene linali m'manja mwanga. Atayankhula, kamawu ka kuofesi kaja kanali katachoka, anali mawu a mwana wanga ali wamng'ono. Anati banja lake litatha, miyezi yonse ija ankandiuza kuti ali bwino, amene ankamudikira pakhomo akaweruka anali mphaka ameneyu. Anati, "Musamutaye, amayi. Ndikupemphani."

Ine zimenezo sindinkazidziwa. Thumba lija ndinalipinda n'kulibwezera pamalo pake.

M'mawa mwake ndinatsikira kumtsinje ndi ndowa. Mchenga unali wonyowa, ndiye ndinauthira m'chiwaya n'kuuika pamoto, kumautakasa ngati ndikukazinga mtedza. Amayi odutsa ndi mitolo ya nkhuni anaima n'kufunsa ngati ndiwo zavuta chotere pakhomo pano. Amayi omwe aja ndinkawaseketsa ndi mchenga wogula. Ine ndinangopitiriza kutakasa. Utazizira ndinausefa ndi sefa yakale, kutsuka beseni mpaka phulusa lonse litachoka, n'kuliika kuseri kwa bedi pamene panali dengu. Dengulo ndinaliotcha. Galu ndinamusamutsira kukhola la mbuzi. Pamphasa ndi pansi ponse pamene ananyowetsapo ndinakwecha ndi mandimu ndi soda, chifukwa mwana anati fungo likatsala amabwererapo.

Chovuta kwambiri chinali pakamwa panga. Ndinayamba kuitanira nkhuku kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi nyumba. M'nyumba ndinkayenda ngati muli wodwala. Ndikamupatsa usipa ndinkanong'ona, kunong'ona kwa anthu ena, osati kwanga. Adzukulu atabwera kudzandiona anafunsa ngati ndadwala pakhosi. Mphaka anatenga nthawi. Ankandiyang'ana ali kunsi kwa bedi, maso okhaokha. Tsiku lina masana ndikusankha nyemba pabalaza ndinamva kuchipinda kwasa kwasa kwasa, akukumba mchenga. Nthungululu inafika pakhosi, ndinaigwira ndi manja onse awiri.

Nsalu ndinachapa, kuchapanso, kuviika m'madzi a mandimu, kuyanika tsiku lililonse limene dzuwa laonekera. Zazifupi zinayera n'kusiya fungo. Yaitali ija ikauma inkakhala ngati yachira, koma kukangochita chinyezi fungo linkadzuka. Nsimbi ija ndi imene inalikhomerera. Ndinapereka thumba la mbatatesi kutchalitchi kuti agulitse apeze nsalu ina.

Kenako ndinapita kwa apampando, nsalu zazifupi zili m'chitenje chatsopano. Ndinawafotokozera zonse bwinobwino, za phulusa, za galu, za mchenga wokazinga, kuti vuto latha ndipo mphaka sakodzanso paliponse. Ndinalonjeza kuti nsalu ndizizisunga m'sutikesi yokhoma. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi.

"Mphakayo alipobe?"

Ndinati alipo, ndipo akhalapo mpaka mwini wake adzabwere.

Anatambasula manja, ine n'kuikapo nsalu zija. Anati azipereka kwa mayi wina wa kumtunda, ndipo mphaka akadzapita tidzakambirana. Ine ndipatsidwe tsache, ndizisesa panja pa tchalitchi.

Mwana wanga anabwera mvula itayandikira. Anapeza mphaka wake atagona pamiyendo panga, ndipo anati mawu anga achepa, kodi ndikudya bwino? Anamuika m'katoni, kutenga beseni lake, n'kupita. Nyumba inakhala zii kwa masiku, kenako mawu anga anabwerera okha.

Za kukambirana zija apampando sanazitchulenso, nanenso sindinafunse. Ansembe aja anawasamutsira kwina, kunabwera ena amene sadziwa kanthu. Mayi wa kumtunda uja amasita mokhota, mzere wa pakati umapita chammbali, ndimauona ndili kumbuyo komwe ndimakhala tsopano, koma sindinena. Nyimbo ndimayimba ndithu, monse muja. Kungoti ikafika nthawi yoti ansembe awerame kupsompsona guwa, ine ndimayang'ana zala za kumapazi kwanga mpaka atadzuka.