Mpungabwi Wanga ndi Dzanja Lothena

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa amuna anga ayamba kuuza anthu kutchalitchi kuti ndiwo anapulumutsa mpungabwi wanga. Ine ndaphunzitsa ana a eni kunena zoona moyo wanga wonse. Sindingalole bodza kumera pakhomo panga.

Chinali chaka chimene tinagawana ndi alamu anga thumba limodzi la feteleza wa makuponi. Mphunzitsi mnzanga wa ku Nkhamenya anandipatsa timbewu ta mpungabwi wa masamba akuluakulu, wokoma mu tiyi ndi mu nyemba, wosiyana ndi wakutchire wothamangitsira udzudzu. Anandichenjeza kuti umafuna dzuwa tsiku lonse, ndipo umauma chaka chomwecho. "Musunge mbewu," anatero, "wanga mbuzi zinamaliza."

Ndinafesa kutali ndi mthunzi wa chigafa chathu cha fodya, n'kuthira manyowa a nkhuku, pakuti fetelezayo anali wa chimanga. Unamera bwino.

Koma amuna anga ndi mlimi wa fodya wa bale. Nyengo yothena fodya ikafika, dzanja lawo silionerera duwa lililonse. Pochokera kumunda ankadutsa pa mpungabwiwo n'kumabudula nsonga, uku akuimba nyimbo ya kwaya.

"Abambo, mwatani apa?" ndinafunsa.

"Ndakuthandizani, aphunzitsi. Duwa limadya tsamba."

"Duwalo ndilo mbewu yanga."

"Pepani, sindidzabwereza. Koma kukoleji kuja za kuthena sanakuuzeni?"

M'mawa mwake anabwereza. Ndivomereze kuti mpungabwiwo unachita nthambi zambiri, koma mvula inali kutha, ndipo tsinde limodzi lokha ndilo linatsala ndi maluwa.

Apa ndinakumbukira malemu apongozi anga aamuna. Kale, anthu asanazolowere kugula mbewu, iwo ankamanga kansalu pa tsinde la fodya wosungira mbewu, ndipo palibe amene ankalikhudza. Ndinang'amba kachidutswa ka thumba la feteleza lija n'kumanga pa tsinde lotsalalo.

Masana amuna anga anafika akuimba. Dzanja linatambasuka, kenaka linaima m'malere.

"Aa, uwu ndi wa mbewu," anatero mwaulemu, n'kubweza dzanjalo kumbuyo. Kuyambira pamenepo anasanduka mlonda wake, mpaka kukalipira nkhuku.

Ngala zitauma ndinazifikisa m'lichero, ndipo timbewu takuda tinadzaza kabotolo. Mnzanga uja ndinamubwezera gawo lake.

Amene akukayika afunse amene analipo tsiku limene dzanja lija linaima: alamu anga, amene anabwera kudzabwereka khasu; akazi awo; mayi wina wa banja la matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe, amene ankasoka fodya m'chigafa ndipo anaseka mpaka kugwetsa singano; mkulu wa mpingo wathu, ali pa njinga; ineyo; ndi mwini dzanjalo.