Foni ya Bambo wa ku Kawale

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kutchalitchi kwathu ku Biwi. Ndinkawerenga zolengeza, ndipo mayi wina wa m'kwaya anandiuza kuti wailesi yaing'ono ya m'dera lathu ikufuna munthu. Ndinapita ndikuganiza kuti ndikakhala pa maiki. Koma Bambo Chirwa, mkulu wa mapulogalamu, anandikhazika kuseri kwa galasi, mahedifoni kumutu, mikisa yoyendetsera mawu patsogolo. Ndinkalandira foni, kufunsa dzina ndi dera, kenako kukweza batani kuti munthuyo amveke pa wailesi. Makina ochedwetsa mawu tinalibe. Munthu akangonena chinthu, ku Chinsapo amva kale.

"Mukatsitsa batani limeneli mwatseka munthu pakamwa," anatero Bambo Chirwa. "Musamatsitse chifukwa choti wakunyansani."

Tsiku lovuta linafika zigawenga zitapha anthu m'dziko lina loyandikana nafe. Zithunzi zinali ponseponse m'mafoni, ndipo ena ankati nkhani za chipembedzo ziletsedwe pa wailesi. Achimwene Yamikani, muulutsi wa pulogalamu ya masana, anafunsa omvera ngati mantha a zigawenga ali chifukwa chokwanira chochepetsera ufulu wolankhula.

Mphunzitsi wa ku Area 25 anati makolo ake anakhalapo m'nthawi yolankhula monong'ona, iye sakufuna kubwererako. Mayi wa ku Kaliyeka anati ufuluwo ndi womwe ukulowetsa mavidiyo oopsa m'foni ya mwana wake. Kenako ndinalandira bambo wa ku Kawale, waulemu, wa mawu ofatsa. Atamveka pa wailesi anati zigawenga sizili kutali. Anatchula dzina la bambo wogulitsa mpunga pafupi ndi mzikiti, n'kunena kuti kunyumba kwake kukugona alendo osadziwika. Anayamba kulongosola njira ya kunyumbako, nati anyamata akudziwa chochita.

Ndinatsitsa batani. Yamikani anandiyang'ana pagalasi, maso ali psuu, n'kuika nyimbo.

Dzina linali litatuluka kale. Madzulo anyamata anaunjikana pa shopu ya wogulitsa mpunga uja, ena atanyamula miyala. Shehe ndi abusa a m'deralo anaima pakhomo mpaka gulu linabalalika. Alendo aja anali abale a mkazi wa mwini shopuyo, ochokera ku Mangochi, obwera ndi wodwala kuchipatala.

M'mawa mwake mu ofesi munatentha. Yamikani anati ndikanamusiya munthuyo amalize kuti amupanikize ndi mafunso anthu onse akumva. Anati pomudula, tamusandutsa ngwazi yotsekedwa pakamwa. Wina anati pulogalamuyo ingoimitsidwa. Bambo Chirwa anakana zonse ziwiri.

"Mutu womwewo ubwerere lero," anatero. "Anthu atsutse boma, atsutse ifeyo, alakwitse momwe angathere. Koma wailesi ino siilozera gulu nyumba ya munthu."

Yamikani sanagwirizane nawo, ndipo mpaka pano tikakumana timatsutsanabe. Sindinganene kuti mfundo yake ndi yopanda pake, chifukwa bambo woimba foni uja anayendadi m'Kawale akunena kuti timabisa zigawenga.

Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri tsopano. Mkwiyo ndimaulola kudutsa, ngakhale wonditukwana ine. Chimene ndimatchera khutu ndi pamene munthu wasiya kunena maganizo ake n'kuyamba kupereka dzina ndi njira. Wogulitsa mpunga uja anatsegulanso shopu yake, koma mkazi wake ndi ana anawatumiza kumudzi, ndipo sanabwererenso.