Fungo la a Pyo

A Pyo Deok-su tinkawamva ndi mphuno asanatulukire. Chaka chilichonse masamba a mitengo ya ginko akachita chikasu, ankalawirira ndi ndowa kukatola zipatso zake m'mphepete mwa msewu. Amene sanapondepo chipatso chimenechi asamanene kuti kununkha amakudziwa. Iwo ankazifinya, kutsuka njere zake, kuyanika, n'kumazikazinga ndi mchere pangolo yawo, moyang'anizana ndi sitolo yanga ya tofu, chakudya chopangidwa ndi soya. Ntchitoyi anaiyamba fakitale ya nsapato imene ankagwirako itatsekedwa, ndipo analera nayo mwana wawo Mi-ran okha, mayi ake atamwalira.

"A Pyo, kodi sopo anakulakwirani chiyani?" ndinkawafunsa.

"Inu zigulitsani tofu wanu wozizirayo. Fungo limeneli ndi limene linaphunzitsa mwana sukulu."

Ankadziwa, monga tonsefe, kuti mwana wamng'ono sapatsidwa njerezi zambiri. Tsiku lina Mi-ran anawasiyira mdzukulu wawo Seul-gi, wa zaka zitatu, n'kupita kuntchito. Ogula anachuluka, mbale ya njere zosenda kale inali pansi pa ngolo, ndipo mwanayo sanavutitse ngakhale pang'ono.

Mayi ake atapita naye kunyumba, Seul-gi anasanza, anauma gwa, maso anatembenuka, n'kuyamba kuphupha. Nditamva ndinatseka sitolo n'kuthamangira kuchipatala. Anamubaya mankhwala, kuphupha kunaleka pang'ono n'kuyambiranso. Anamubaya ena, chimodzimodzi. Thupi silinatenthe, mutu anaujambula osapezamo kanthu, komanso kumtundu kwawo kunalibe wakhunyu. Dokotala, mayi wamfupi wamagalasi, sanamubisire Mi-ran. Anati kuphupha kukatalika chonchi ubongo umavulala: ana ena amadzuka osayankhula, ena osazindikira ngakhale mayi awo, ena sadzuka n'komwe.

A Pyo anafika ali wefuwefu, atavala nsapato zawo zakuntchito. Mi-ran anawatsekereza pakhomo.

"Ababa, khalani panja. Mwanunkhitsa chipatala chonse."

Zinandiwawa kwambiri, koma munthu amene mwana wake ali pampweya sumukalipira. Ndinakakhala nawo pabenchi, iwo atabisa manja m'khwapa. Dokotala uja akudutsa mwaliwiro anaima mwadzidzidzi, n'kukwinya mphuno.

"Bambo, mumagwira ntchito ya ginko?"

"Pepani, ndituluka pompano."

"Khalani pomwepo. Mwanayu anali ndi inu lero? Wadya zochuluka bwanji?"

A Pyo anayankhula motsitsa: "Mbale ija ndinaipeza itatsala theka. Ndimayesa ndagulitsa."

Dokotalayo sanawadzudzule, anangothamanga. Pambuyo pake ndi pamene anatifotokozera kuti njerezi zili ndi poizoni amene amamana ubongo vitamini inayake, n'chifukwa chake mankhwala enawo ankalephera. Atamubaya vitaminiyo, kuphupha kunatha osabweranso.

Koma mtima sunakhale pansi. Tsiku lotsatira Seul-gi anatsegula maso n'kungoyang'ana kudenga. Mayi ake anamuitana, anamuimbira, anamuonetsa chidole chake, iye ali duu. Dokotala anati tidikire, palibe akanalonjeza kanthu. A Pyo anakana kulowa. Anali atasamba mpaka khungu kufiira, atavala jekete lopitira kumaukwati, ndipo ankati ngolo ija akaitentha.

"Mukaitenthe mawa," ndinawauza. "Lero lowani, musandichititse manyazi ndi kukukokani ngati mbuzi."

Ndinawakokabe. Anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja, akuopa kuyang'ana mwana wawo kumaso. Mi-ran nayenso sanawayang'ane. Patapita kanthawi a Pyo anasendera, n'kutambasula dzanja kuti akonze bulangete la mdzukulu wawo. Fungo la ginko likalowa m'zikhadabo, sopo amangotaya nthawi yake.

Kamphuno ka Seul-gi kanagwedera. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, maso ake anafufuza mpaka anawapeza.

"Agogo," anatero ndi mawu osasa, "mukununkha."

Ine ndinakhala pansi penipeni pa simenti, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mi-ran anagwira dzanja lija la bambo ake, analiika pankhope pake, ndipo sanafune kulisiya.

Ngolo sanaitenthe. Mbale ija masiku ano imapachikidwa pamsomali, pamwamba poti ngakhale ine sindifikira. Ndipo za sopo sindinazitchulenso.