Poto Imodzi ya Anthu Asanu ku Glasgow

Inu amene mukuona ngati sukulu yakukanikani chifukwa cha umphawi, imvani za Aufi Rashidi wa ku Malemia, m'chigwa cha Domasi.

M'chaka cha 1972, Aufi anapezeka atakhala pa sutikesi yake m'mbali mwa msewu mumzinda wa Glasgow ku Scotland, mvula yozizira ikumukwapula. Paliponse pamene anagogoda kufuna chipinda, eni nyumba ankangoona nkhope yake yakuda n'kunena kuti malo atha.

Aufi anali mwana wa wogulitsa matemba. Anakula akukankha njinga ya bambo ake pa zitunda, koma m'kalasi anali wakuthwa mutu. Atamaliza digiri ya zaulimi, anapatsidwa mwayi wokachita digiri yachiwiri kunja, ya ulimi wothirira. Fizi inalipiridwa ndithu, koma ya m'thumba inali yochepa, ndipo hositelo ya pakoleji inkaimeza pafupifupi yonse. Kumudzi anasiya mkazi wake Kuluthumu ali ndi khanda kumsana, ndipo ankafunika kumawatumizira kangachepe. N'chifukwa chake anatuluka m'hositelomo.

Tsiku lomwelo anafunsira njira mpaka anafika kwa a Makaiko, mphunzitsi wa ku Malosa amenenso ankaphunzira mumzindamo.

"Lowani achimwene," anatero a Makaiko. "Bedi palibe, koma pansi palipo. Wakwathu sagona panja ine ndilipo."

M'nyumbamo munali anthu anayi: a Makaiko, anyamata awiri a ku Nigeria ndi Mmwenye mmodzi. Aufi anakhala wachisanu. Lendi inapepuka, koma moyo sunapepuke. Bafa linali limodzi, lochita kuimira mzere. Aliyense ankaphika zake n'kubisa zotsala. Mapoto onse ankaphikiramonso nkhumba, ndiye Aufi, monga Msilamu, ankangodya buledi ndi tiyi. Anawonda mpaka thalauza kumagwa. Akatsegula buku, maso ankachita chidima.

Mayeso oyamba analephera. Mphunzitsi wake anamuuza mosabisa kuti akalepheranso abwerera kwawo chimanjamanja.

Aufi anayamba kulongedza.

"Ine ndikupita, a Makaiko. Kuno si kwathu."

"Chabwino. Nanga mukatsika basi pa Domasi, alamu mukawauza kuti chakugonjetsani n'chiyani? Mabuku?"

Aufi anayankha motsitsa mawu: "Njala."

"Ndiye njala mpaka kuthawira sukulu, inu katswiri wa zaulimi?"

Mawuwo anamulasa. Anabweza zovala m'malo mwake, n'kuitana anzake onse kukhitchini. Anawafotokozera mmene anthu amalimira dima kumudzi: lero munda wa uyu, mawa wa uyo, palibe wotsala. "Bwanji tiziphika poto imodzi, mosinthana?"

Sizinayende tsiku limodzi. Mmwenye sankadya ng'ombe, Aufi sankadya nkhumba, anyamata a ku Nigeria ankathira tsabola woti munthu alire misozi. Anakangana, kenako anagwirizana: mpunga, nyemba, kabichi ndi mitu ya nsomba, tsabola aliyense athire m'mbale yake. Loweruka ankapita kumsika nthawi yoweruka, pamene ogulitsa amatsitsa mitengo.

Kuzizira kutachepa, Aufi anabwereka fosholo n'kuchotsa zinyalala zimene zinadzaza kuseri kwa nyumba. Anzake ankamuseka pawindo. Anadzalamo kabichi, anyezi ndi mbatata ya kachewere. Zitakhwima, oseka aja ndi amene ankalimbirana kukakolola.

M'malo moti aliyense azinjenjemera m'chipinda chake, onse anayamba kuwerengera kukhitchini, mozungulira hitala imodzi. Mmwenye uja anali katswiri wa masamu, phunziro limene linagwetsa Aufi. Ankamuphunzitsa, ndipo likafika tsiku loti Mmwenyeyo aphike, Aufi ndi amene ankagwira mthiko.

Mikangano sinathe ayi. Wina ankasiya mbale zosatsuka, wina ankakweza wailesi. Koma palibe amene anagonanso ndi njala, ndipo mayeso obwereza Aufi anakhoza bwino.

Anabwerera kwawo mu 1974, digiri ili m'manja. Mwana wake atamuona anathawira kuseri kwa chitenje cha mayi ake, akufunsa kuti mlendoyu ndani. Aufi anaseka misozi ili m'maso. Anakana ntchito ya mu ofesi ku Blantyre, nasankha kulowa m'matope pamodzi ndi alimi a mpunga a kwawo, kuwaonetsa kayendetsedwe ka madzi m'ngalande. Ambiri mwa alimiwo anaphunzitsa ana awo ndi mpunga umenewo.

Inu amene mukugona mopanikizana lero, kaya ku Chikanda, ku Ndirande kapena kutsidya kwa nyanja, musachite manyazi ndi mphasa yanu. Yang'anani amene mukukhala nawo, mufunse chimene mungathandizane. Mutu umodzi susenza denga. Limbani mtima, musalongedze katundu sukulu isanathe.