Rupi yomwe a Harsukh sanaikhudzepo

Mu mzinda wa Rajkot ku India, aliyense wosunga makobidi akale ankadziwa kuti ukapita ndi khobidi lako kwa a Harsukh Vithlani, ubwerako mapewa atagwa. Bambowa anali ndi kashopu kopanikizika pakati pa osula golide, ndipo ntchito yawo inali kuona khobidi n'kunena giredi yake: kaya latha, kaya layendako pang'ono, kaya silinayendepo m'manja mwa anthu. Ankavala magolovesi ansalu n'kuligwira m'mphepete ndi zala ziwiri, kagalasi kokuzira zinthu kali padiso. Poliyang'ana sankayankhula, kuopa kuti kadontho ka malovu kangagwerepo. Akatha ankaliika pansalu, n'kutembenukira kumbali, ndiyeno n'kugamula.

"Ndevu za mfumu ya pakhobidili zafufutika, achimwene. Komanso wina analitsuka ndi bwemba."

"Komatu likuwala."

"Nazo mbale za akazi anu zimawala."

Musawayese munthu wankhanza. Anali nsangalatsi, wokonda tiyi wamkaka ndi macheza, ndipo wokhumudwayo ankachoka atamwetsedwa tiyi. Kungoti diso lawo linazolowera kusaka chilema. Akazi awo, mayi Kokila, ankauza aliyense kuti tsiku loonana koyamba, a Harsukh anayamba kuona kachipsera kapachibwano asanaone nkhope. "Anandiika pagiredi yachiwiri," ankatero akuseka, "ndipo mpaka lero sindinakwezedwe."

Chinthu chimodzi chokha ndiye analephera kuchipezera chifukwa. Inali rupi yasiliva, ndalama yakale ya kuno, yomwe anaipeza ali mnyamata, itakulungidwa muthonje m'bokosi la nkhalamba ina. Ndevu za mfumu zinkawerengeka imodziimodzi, ndipo ukaipendeketsa, kuwala kunkazungulira ngati masipoko a njinga. Anaitsekera m'kapulasitiki, ndipo ngakhale iwo eni sanaikhudzepo ndi chala. Tsiku lomwe mwana wawo Jigisha anabadwa, chimwemwe chinawaledzeretsa, n'kulonjeza pamaso pa abale kuti rupi imeneyi ndi yomwe idzaperekedwe pa chinkhoswe chake. Kwathu kuno bambo a mtsikana amapereka rupi ndi kokonati m'manja mwa mnyamata, wansembe atazipaka ufa wofiira. A Harsukh ankadziwa zonsezo, koma khandalo linkaoneka ngati silidzakula.

Mwana wamkazi sachedwa. Jigisha anakula, anaphunzira, ndipo kunapezeka mnyamata wodekha, dzina lake Tushar. Tsiku litayandikira, a Harsukh anakumbukira lonjezo lija. Ankamukonda mwanayo, inde, koma chala chimodzi chathukuta chinali chokwana kutsitsa giredi ya rupiyo mpaka kalekale.

"Mayi a Jigisha, bwanji tingoipereka ili m'kapulasitiki momwemo?"

"Ndiye wansembe adalitse pulasitiki? Mukufuna asewere athu akatiseke mpaka ku Jamnagar?"

Zitakanika pamenepo, anasankha rupi ina yooneka bwino ndithu, n'kuiika m'mbale pafupi ndi kokonati. Anaiwala kuti Jigisha anakulira pakashopu paja. Mtsikanayo anainyamula m'mphepete, n'kuipendeketsa pawindo.

"Ababa, ndevu zafufutika."

Jigisha anaseka, n'kuibwezera m'mbale. "Musadandaule, Ababa. Ndikudziwa mmene mumaikondera ija. Iyi ikwana, a kwa Tushar sadziwa kusiyanitsa."

Akanakwiya bwenzi zili bwino. Kufatsa kwakeko n'komwe kunawalasa mtima, poona kuti mwana wawo wavomera giredi yachiwiri popanda kudandaula, ngati mayi ake. Anachita manyazi kwambiri. M'mawa wa tsikulo anatenga kampeni, anatsegula kapulasitiki kaja, n'kuisereretsa rupi m'mbale.

Nyumba inadzaza. Wansembe anaviika chala mu ufa wofiira n'kuchidinda pankhope pa mfumu penipeni. A Harsukh anatsinzina. Rupi inalowa m'chikhatho cha Tushar, chonyowa ndi thukuta lamantha. Kuchoka apo inayamba ulendo: amalume, azakhali, ana, onse zala zili noninoni ndi mafuta a maswiti. Potsiriza inafika kwa agogo ake a Tushar, a Godavari, nkhalamba yopanda mano yomwe sinkakhulupirira chilichonse chonyezimira.

"Masiku ano n'zabodza zokhazokha izi," anatero. "Tatiyeni timve."

Asanaletsedwe, anaiponya pamwala wapansi.

Rupi inalira: ngiii. Linali liwu lopyapyala, loyera, lochedwa kuzima, moti nyumba yonse inakhala chete kulimvetsera. A Harsukh anatsegula maso. Zaka zonsezi ankadziwa tsitsi lililonse la khobidilo, koma anali asanamvepo mawu ake.

"Yeniyeni," anagamula agogowo. "Mwanayu wachokera kwa anthu."

Anthu anaseka n'kuomba m'manja, amayi n'kuyamba nyimbo. A Harsukh anawerama, n'kuitola rupi ija ndi zala zosavala kanthu. Inali yofunda ndi manja a anthu, yolemererako kuposa mmene ankaganizira. Chizolowezi sichitha: anatulutsa kagalasi m'thumba. Anaona zidindo za zala, ufa wofiira utalowa m'ndevu, ndi kabala katsopano m'mphepete. Anayembekezera kuti mtima upweteka, koma sunapweteke. Atakweza maso anaona Jigisha akuwayang'ana, misozi ili m'masaya, akumwetulira, poti anali ataizindikira kalekale.

Mayi Kokila anawagunda ndi chigongono. "Ndiye giredi yanji, bambo a Jigisha?"

"Yatsika, mayi. Yakupezani pachiwiri."

"Ikhale pomwepo. Sipoipa, pamabwera alendo."

A Harsukh anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Kenako anapinda kagalasi kaja, anakagwada pafupi ndi nkhalamba ija, n'kuiika rupi m'dzanja lake.

"Agogo, pepani," anatero, "taigwetsaninso. Paja sindinamvetsetse bwino."